Chitseko Chimene Ndinawatsekera a Sakala

Chizindikiro choyamba chinali ntchentche. Munali mu Seputembala 1996, tikumwa tiyi wam'mawa m'nyumba yathu yosanja ku Scarborough, pamene amuna anga, bambo a Thoko, anayamba kukupiza dzanja pamwamba pa kapu. Anati m'nyumba mwalowa tintchentche. Ndinayang'ana uku ndi uku, sindinaone kanthu. Ntchentche yanji yokwera lifiti mpaka pamwamba pamene tinkakhala, kunja kutayamba kale kuzizira? Iwo anaumirira kuti zilipo, nandiuza kuti ndizifulumira kutaya zinyalala. Ndinataya zinyalalazo, ndinatsuka ndi chotayiramo chomwe, koma ntchentche zawo sizinachoke. Zinkawatsata mpaka m'sitima popita kuntchito.

Patapita masiku angapo anayamba kunena za kung'anima. Akatembenuza mutu mwamsanga, m'mphepete mwa diso lamanja munkawala ngati kukubwera mvula. Diso silinkawawa, silinafiire, silinkatuluka misozi. Chifukwa cha zimenezi iwo anagamula okha kuti ndi kutopa, poti ntchito yawo ndi yojambula mapulani a nyumba ndipo amakhala tsiku lonse atadyetsa maso pa mizere ing'onoing'ono. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anandiyankha kuti munthu sapita kuchipatala kukanena kuti akuona ntchentche, angamuseke.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chimene ndinayambira kuda nkhawa msanga. Amuna anga ali ndi diso limodzi logwira ntchito. Lamanzere linalasidwa ndi phesi la chimanga ali mwana kwawo ku Chipata, ndipo limangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Lamanjalo ndilo lajambula mapulani onse, ndilo linatibweretsa kuno, ndilo linandisankha ineyo. Likanapita limenelo, ndiye kuti basi, mdima wokhawokha.

Koma iwo za disolo analibe nazo nkhawa, ndipo chifukwa chake chinali dzina lawo. Anabadwa pa 2 Okutobala, ndipo wansembe wachizungu amene anawabatiza anangoyang'ana woyera wa tsikulo n'kuwatcha Leodegari. Phesi lija litawalasa, mayi awo anafunsa kumishoni ndipo anauzidwa kuti woyera ameneyu ndiye nkhoswe ya anthu odwala maso. Kuyambira pamenepo banja lonse linagwirizana kuti nkhoswe inalola diso limodzi kupita koma linalo yaligwira ndi manja awiri.

Mbiri ya woyerayu ndimaidziwa kuposa mbiri ya agogo anga, osati mwa kufuna kwanga. Anali bishopu wa mzinda wa Autun, m'dziko limene lero ndi France, zaka za m'ma 600, nthawi ya mafumu a mtundu wa Afranki. Anakulira kubwalo la mfumu, anakhala mkulu wa amonke, kenaka anapatsidwa mzindawo. Anakonza matchalitchi ndi malinga, ankadyetsa osauka, komanso sankaopa kudzudzula akuluakulu. Anadana ndi nduna yaikulu ya mfumu, ndipo tsiku lina asilikali a ndunayo anazinga mzinda wonse. Bishopu ataona kuti anthu ake afera iye, anagawira osauka chuma chimene anali nacho, anatsegulitsa chipata, natuluka yekha kukadzipereka. Asilikaliwo anamukolowola maso. Pambuyo pake anamudula milomo ndi lilime, ndipo patapita zaka anamudula mutu m'nkhalango. Amuna anga pofotokoza mbiriyi, akafika pa chipata chija amaima, amavula magalasi, mawu amanjenjemera. Chaka chilichonse.

Ndikuti chaka chilichonse chifukwa Loweruka loyandikana ndi tsiku la nkhoswe yawo amaitana anthu akwathu onse a ku Toronto ndi madera ozungulira, Azambia ndi Amalawi, kuphatikizapo anzathu achisilamu amene amabwera kudzadya nkhuku n'kumvetsera mwaulemu za bishopu wa Afranki. Chaka chimenecho ndinawapempha amuna anga kuti tiyambe tapita kuchipatala, phwando libwere pambuyo. Anati, "Amayi a Thoko, anthu ndawaitana kale. Phwando likatha tipita. Diso limeneli lili ndi mwini wake." Ndinapsa mtima mpaka ndinapsereza mpunga.

Paphwandopo ndi pamene ndinaona kuti zinthu zafika poipa. Anathira chakumwa pambali pa kapu, patebulo. Mlendo atawatambasulira dzanja, iwo anagwira mphepo. Nditawakokera kukhitchini anavomera kuti kuyambira dzana, pansi pa diso pakwera mthunzi wakuda, ndipo tsiku lililonse ukukwererakwerera. Nkhaniyo inamveka, ndipo pompo m'nyumba mwanga munadzaza madokotala. Wina anati ndi kuthamanga kwa magazi. Wina anati asukusule ndi madzi a masamba a tiyi. Mayi wina woyamwitsa anadzipereka kufinyira mkaka m'supuni kuti tiwadonthezere, monga timachitira kwathu mwana akadwala maso. Ndinathokoza onse, koma mumtima ndinkafuna kuwatulutsa ndi tsache.

M'mawa mwake, Lamulungu, sitinapite kutchalitchi. Tinakwera basi, kenaka sitima yapansi, mpaka kuchipatala chachikulu cha pakati pa mzinda. Tinadikira nthawi yaitali pamipando yolimba, pakati pa anthu othyoka miyendo ndi ana otentha thupi. Namwino atamva za mthunzi uja ndiponso kuti diso linalo siliona, anasintha nkhope natipititsa patsogolo. Anawadonthezera mankhwala okulitsa mwanadiso, tinadikiranso, kenaka dokotala wa maso, mayi wamng'ono thupi wosachulutsa mawu, anawaunika ndi nyali yowala kwambiri.

Anatifotokozera kuti kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala. Kansaluko kanang'ambika, madzi analowa kuseri kwake, ndipo kanayamba kumatuka. Ntchentche zija ndi kung'anima kuja kunali kung'ambikako. Anati, "Mukanabwera zitangoyamba, tikanangowotcherera pong'ambikapo ndi kuwala, tsiku lomwelo mukanabwerera kunyumba. Tsopano pafunika opaleshoni, ndipo ifunika mawa." Ndinawayang'ana amuna anga. Iwo ankayang'ana nsapato zawo.

Opaleshoni inayenda bwino. Koma dokotala anatiuza kuti ntchito yake yatha, yatsala yathu. M'diso anaikamo thovu la mpweya loti likankhire kansalu kaja pamalo pake mpaka kamatirire. Thovu limayandama kupita kumwamba, choncho kuti likankhe kumbuyo kwa diso, nkhope iyenera kuloza pansi. Pogona, chafufumimba. Pokhala, chowerama. Podya, poyenda, posamba, nkhope pansi, kupatula timphindi tochepa topumira ndi todonthezera mankhwala. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana ine, kuti akadzutsa mutu thovulo limachoka pamene likufunika.

Ndinapinda thaulo ngati nkhata, ndinaiika patebulo lodyera kuti azitsamiritsapo chipumi. Pabedi ndinayala mapilo mosiya mpata wa mphuno. Tiyi ankamwera kapaipi. Masiku oyamba anamvera, ngakhale ankadandaula khosi ndi msana. Kenaka ndinabwerera kuntchito kwanga, ndipo alendo anayamba kufika.

Amene ali akwathu akudziwa kuti kuzonda wodwala si nkhani yosankha. Kuno kumene tilipo ochepa, ukapanda kukazonda mnzako adzakunena mpaka pamaliro ako. Anthu ankabwera ndi mtima wabwino, atatopa kuntchito, atanyamula zipatso, ndipo sindikuwanyoza. Vuto lake n'lakuti mwambo womwewo umafunanso kanthu kwa wodwalayo. Ngati sunakomoke, umadzuka, umakhala tsonga, umalandira moni wa aliyense payekhapayekha, n'kufotokoza mmene matenda anayambira, kuchokera pa ntchentche yoyamba. Mlendo wina akalowa, umayambiranso. Ndipo munthu wamkulu sumulankhula utamuonetsa nkhongo.

Tsiku lina ndinaweruka msanga. Ndinapeza amuna anga atakhala tsonga pampando wa pabalaza, bandeji kumaso, mutu uli m'mwamba ngati tambala, alendo atawazungulira. Anali atafika pa chipata cha Autun, akufotokoza kuti tsopano afanana ndi nkhoswe yawo. Ndinaiwala ulemu. Ndinakuwa ndili pakhomo pomwepo kuti, "Bambo a Thoko, mutu pansi!" Alendo anaseka poganiza kuti ndikucheza. Atapita, amuna anga anandifunsa kuti, "Ndiye ndigone chafufumimba pamaso pa alendo? Akanena chiyani za ine?" Mwana wathu Thoko, amene nthawi imeneyo anali kusekondale, anandiuza m'Chingerezi chake kuti zimenezi zakhala zikuchitika tsiku lililonse ndikachoka.

Pamene tinkapita kukapimitsa, mthunzi uja unali utabwerera. Dokotala anaunika nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati akutsata zimene anawauza. Iwo anati, "Kwambiri." Ine ndinati, "Ayi." Dokotala anati kansalu kamatukanso, ndipo apanganso opaleshoni, koma tidziwe kuti diso silipirira kutsegulidwa kangapo. Anati, "Ikalephera iyi, sindingakulonjezeni chilichonse. Ndipo bambowa alibe diso lina."

Sindinalire m'chipatala. Ndinalira m'sitima, nkhope ndili nayo pazenera, ndipo misozi yake inali ya mkwiyo kuposa chisoni. Ndinakwiyira amuna anga, ndinakwiyira alendo, ndinakwiyira wansembe amene anasankha dzinalo, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinakwiyira ndi bishopu wa Autun yemwe, munthu amene sanandilakwire kanthu.

Opaleshoni yachiwiri inachitika mu Novembala, chisanu chitayamba kuluma. Ulendo uno ndinapempha tchuthi kuntchito ndipo ndinakhala pakhomo. Ndinaimbira foni mabanja onse, kuwapempha kuti atipempherere ali kwawo. Aliyense anati wamva, koma aliyense anaganiza kuti mawuwo ndi a anthu ena, osati iye. Belu la pakhomo lolowera la pansi likalira ndinkayankha kuti akugona, zimene sizinali bodza, ndipo sindinkatsegula. Ena anabwerera akung'ung'udza. Ndinazilola.

Kenaka anabwera a Sakala. Awa ndi mkulu wathu tonse kuno, munthu amene anagwira ntchito zaka zambiri kufakitale ya magalimoto ku Oshawa. Ndiwo anatilandira kubwalo la ndege titangofika, tinakhala m'chipinda chawo chapansi mpaka titapeza pathu, ndipo jekete langa loyamba la chisanu anandigulira ndi iwo. Amuna anga amawatcha bambo. Tsiku limenelo anakwera sitima kuchokera ku Oshawa, kenaka basi, mvula yosakanikirana ndi chipale ikugwa. Belu sanalize, analowa limodzi ndi munthu wina wa m'nyumbamo. Ndinangomva kugogoda pachitseko penipeni, ndi mawu awo akuti, "Odi kuno!"

Ndinadziwa bwino lomwe chimene chichitike akalowa. Kwa anthu ena amuna anga akanangodzutsa mutu, koma kwa a Sakala akanaimirira ndithu, kuwalandira chikhoti, kuwasiyira mpando, n'kukhala nawo mpaka madzulo. Ndinatuluka, ndinakoka chitseko kumbuyo kwanga, ndinagwada pakhonde la mkati pamene pamadutsa anthu onse.

Ndinati, "Pepani bambo, lero simulowa."

Anandiyang'ana ngati sanamve. Chipewa chinali chonyowa, m'manja muli thumba la malalanje ndi nkhuku. Anati, "Mwana wanga, ndachokera ku Oshawa ine. Ndingomuona nkhope basi, ndizibwerera."

Ndinati, "Nkhopeyo ndi imene adokotala aletsa, bambo. Akakuonani adzuka, ndipo akadzuka sadzakuonaninso."

M'nyumba munamveka mawu a amuna anga, otsamwitsidwa ndi thaulo. "Amayi a Thoko, si a Sakala amenewo? Tsegulani chitseko!" Ndinamva mpando ukukwekweseka. Ndili chigwadire ndinatembenuka n'kukuwira pachitseko kuti, "Mukangodzutsa mutu umenewo, ndikunyamula chikwama changa, muziona nokha!" M'moyo mwanga ndinali ndisanawalankhulepo choncho pamaso pa munthu. Mpando unasiya kukwekweseka.

A Sakala anaika thumba lawo pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo mwina kukanakhala bwino akanakalipa. Anangotembenuka n'kupita kulifiti osatsanzika. Ndinawaona akudikira, msana wokhota, madzi akudontha kuchipewa, ndipo ngakhale kapu ya tiyi sindinawapatse. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingathe kuwafotokoza.

Nkhani inayenda msanga kuposa sitima imene anabwererapo. Foni inasiya kulira. Kutchalitchi amayi ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Ndinamva kuti akunena kuti mayi a Thoko asanduka mzungu, akutsekera amuna awo m'nyumba ngati mbuzi. Amuna anga nawonso anandinyanyalira, ankangoyankha ndi mphuno ndikamawadonthezera mankhwala. Tsiku lina, nkhope ili pankhata yawo, anati, "Nkhoswe yanga sinabisale kuseri kwa chitseko. Inatsegula chipata n'kutuluka." Ndinaika supuni pansi. Ndinati, "Inde, ndipo mumatiuza nokha chaka chilichonse chimene anaichita itatuluka. Iyo inali ndi mzinda wonse woti ipulumutse. Inu mukufuna kupulumutsa chiyani, moni?" Kuyambira tsiku limenelo mutu sunadzukenso mpaka dokotala atalola.

Kuchira kunabwera mwapang'onopang'ono. Poyamba ankangoona chifunga. Thovu litayamba kuchepa, anaona mzere wakuda ukugwedezeka pakati pa diso ngati madzi m'ndowa yosenzedwa, ndipo sabata iliyonse mzerewo unkatsika. Chinthu choyamba chimene anazindikira chinali maluwa a chitenje chimene ndinayala pansi pa tebulo. Anandiitana mokweza mpaka ndinathamanga poganiza kuti agwa. Anati, "Ndi achikasu, eti?" Anali achikasu.

Khirisimasi isanafike dokotala anatiuza kuti kansalu kagwira. Anatiuzanso mosabisa kuti mbali ya pansi ya diso sidzaonanso, poti inawonongeka pamasabata odikira phwando ndi pamasiku a alendo aja. Chaka chotsatira disolo linachita ng'ala, zimene akuti zimachitika kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni yotere, ndipo anaichotsa popanda vuto. Lero amuna anga amagwira ntchito yawo, ndi galasi lokulitsira pambali. Galimoto anasiya kuyendetsa. Masitepe amatsika atawerama, chifukwa saona pamene phazi likuponda. Amapita kukapimitsa pa nthawi yake, ndipo ndimawaperekeza kuti pasakhalenso yankho la "Kwambiri" lija.

Chisanu chitatha tinapita ku Oshawa kukapepesa, titanyamula nkhuku. A Sakala anatsegula chitseko n'kuima pakhomo nthawi yaitali, ife tili panja. Kenaka anafunsa amuna anga kuti, "Ukundiona?" Iwo anati, "Ndikukuonani bambo, mpaka imvi za m'ndevu." Anati, "Lowa." Ine ndinalowa kumbuyo kwawo osaitanidwa. Tsiku lonse anacheza ndi amuna anga, koma kwa ine sanalankhule liwu, kupatula kuyankha moni.

Ndalemba izi chifukwa cha inu anzanga amene muli ndi maso awiri kapena limodzi. Mukayamba kuona tinthu takuda tikuuluka pamene ena sakutiona, kapena kung'anima, kapena mthunzi ukukwera m'mphepete mwa diso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale disolo lisakuwawa. Musadikire phwando, musadontheze mkaka kapena tiyi. Pempherani kwa nkhoswe yanu muli m'basi. Ndipo inu opita kukazonda, yambani mwafunsa wosamalira wodwalayo ngati n'kotheka, ndipo akati ayi, mumvereni. Si mwano, wina wake wamuuza zimene inu simunamve.

Papita zaka zitatu tsopano. Phwando la Okutobala likuchitikabe, bishopu akutulukabe pachipata chaka chilichonse, ndipo ambiri amene ankandinena anabwerera kudzadya nkhuku yanga. A Sakala okha sanapondenso pakhomo pathu. Timawaitana, amatumiza moni. Zimandipweteka, ndipo sindikudziwa ngati zidzatha.

Dzulo m'mawa amuna anga anabweza malaya amene ndinawasitira, akuti batani lachitatu ndalisoka ndi ulusi wabuluu pamene enawo ali ndi wakuda. Ndinawauza kuti akungofuna chokangana. Anaumirira. Ndinatenga malayawo, ndinapita nawo pazenera, ndinavala magalasi anga n'kuyang'anitsitsa. Ulusiwo unali wabuluu.